Mukatsika basi ku Joni: kaitanidwe ka galimoto pafoni

Basi yochokera ku Blantyre imakutula ku Johannesburg utatheratu. Wadutsa pa Mwanza, wawoloka Zambezi pa Tete, waima pamzere pa Nyamapanda, Beitbridge nayo yadyapo maola ake. Miyendo yatupa, kukhosi kwauma, foni yatsala ndi kamoto kochepa. Ukangoponda pansi pa Park Station, siteshoni yomwe mabasi amafikira, usanawerenge n'komwe zikwama zako, amuna atatu akuzinga kale: "Uber, mama? Uber?" Wina wagwira kale chikwama chako ngati n'chake.

Tiyambire pomwepa. Dalaivala weniweni wa Uber saitanira anthu ngati anyamata a pa Wenela. Iye amabwera chifukwa mwamuitana pafoni, ndipo asanafike foni imakhala itakuonetsani kale dzina lake, nkhope yake, mtundu wa galimoto ndi nambala yake. Wokuitanirani pakamwa uja mwina ndi wa takisi wamba wongofuna ya ndiwo, mwinanso ndi wina. Chitetezo chonse cha magalimoto oitanitsa pafoniwa chagona pamodzi: ulendo wanu walembedwa, wokutengani akudziwika, njira yomwe mwadzera ikuoneka. Mukangotuluka m'kaundula ameneyo, ndiye kuti mwakwera matola m'dziko la eni.

Ine ndimapita ku Joni kukaoda katundu, ndipo ndondomeko ili m'munsiyi ndi yomwe ndimatsata ndekha. Zina ndinachita kuuzidwa, zina ndinaziphunzira nditalipira.

Choyamba: ntchito yambiri ithere kunyumba

Ikani ma app mukadali kwanu, pa netiweki yomwe mukuidziwa, ndipo ikani awiri. Odziwika kwambiri ku South Africa ndi Uber, Bolt ndi inDrive. Uber ndi ya ku America, inayamba kuyenda m'misewu ya Johannesburg mu 2013. Bolt ndi ya ku Estonia. Amene anakhalitsa kumeneko amaitchulabe Taxify, dzina lomwe inasiya mu 2019. Ya inDrive tiikamba tikafika pa mitengo. Kukhala ndi awiri kumathandiza chifukwa ulendo womwewo, mphindi yomweyo, mtengo umasiyana, komanso pali madera omwe app imodzi ilibe galimoto pafupi pomwe inayo ili nawo atatu.

Msampha woyamba uli pa nambala ya foni. Polembetsa, app imatumiza manambala achinsinsi pa SMS ku nambala yomwe mwaipatsa. Mukalembetsa ndi ya TNM kapena Airtel, kenako n'kuchotsa simu khadiyo pa Beitbridge n'kuimangira pa mpango, tsiku lomwe app idzafunenso manambala aja mudzangoyang'ana foni kukamwa kuli yasa. Amene muli ndi foni ya masimu awiri, monga ma Tecno ndi ma itel athu aja, siyani yakumudzi momwemo, ndipo mufunse kampani yanu musananyamuke ngati mauthenga adzikufikani muli kunja. Njira ina, yomwe ine ndimakonda, ndi kuika app kunyumba koma n'kukalembetsa mukapeza nambala ya kumeneko. Lembani dzina lanu lenileni. Madalaivala nawonso amaopa, ndipo munthu wolembedwa "Boss Lady" woitanitsa galimoto usiku ambiri amangomudutsa.

Tengani pawabanki yodzaza, ndipo musaitsirize poonera mafilimu m'basi. Masoketi akwathu ndi a mano atatu amakona; a kumeneko ambiri ndi a mano atatu ozungulira, akuluakulu. Tchaja yanu siilowa. Kachipangizo kolumikizira n'kotchipa, koma simungakapeze 2 koloko usiku.

Chomaliza musanatuluke pakhomo: adiresi. Kwathu timalondolerana ndi mtengo wa mango, chigayo ndi tchalitchi cha denga lofiira. App siidziwa chigayo. Muuzeni m'bale wanu akutumizireni nambala ya nyumba, dzina la msewu ndi dzina la dera, ndipo ngati amakhala m'nyumba za mumpanda zija, nambala ya khomo lakenso. Akutumizireninso malowo pa mapu a WhatsApp ataima pa geti penipeni. Zonsezi muzikopere papepala pamodzi ndi nambala yake ya foni, pepalalo likhale m'pasipoti. Foni imatha moto, imabedwanso, pepala ayi.

Chachiwiri: simu khadi ndi bandulo

Lamulo la kumeneko, lomwe aliyense amangoti RICA, limafuna kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe. Mlendo amaonetsa pasipoti n'kupereka adiresi ya komwe akufikira. Makampani ake ndi Vodacom, MTN, Telkom ndi Cell C. Obwera pa ndege zawo n'zosavuta, chifukwa pa bwalo la OR Tambo pali mashopu a mafoni mukangotuluka kolandirira katundu. Obwera pa basi mudzakumana ndi ogulitsa masimu olembetsa kale m'mbali mwa msewu. Amagwira ntchito, inde, koma ali m'dzina la munthu amene simukumudziwa, ndipo ikatsekedwa kapena kutayika simungaibwezeretse. Ngati mukhala masiku angapo, lowani m'shopu yeniyeni.

Gulani bandulo ya intaneti, musangosiya mayunitsi. App yoitanira galimoto siidya zambiri. Amene amamaliza bandulo ndi mavidiyo a m'magulu a WhatsApp odzitsitsa okha. Atsekeni.

Pa OR Tambo pali WiFi yaulere, ndipo ambiri amaitanitsira galimoto pa iyo. Vuto lake ndi lakuti imakuthawani mukayamba kuyenda kupita koimika magalimoto, nthawi yeniyeni yomwe dalaivala akukulemberani kufunsa komwe mwaima.

Chachitatu: mulipira bwanji?

Sankhani musanaitanitse, ndipo yang'anani pansi pa sikirini kuti app yasankha chiyani. Mpamba ndi Airtel Money sizili pa mndandanda wa kumeneko, makwacha nawo palibe angawalandire. Kwatsala khadi la kubanki kapena ma randi m'manja. Uber inayamba kulola ndalama za m'manja ku South Africa mu 2016, ndipo enawo amalolanso.

Khadi ndi labwino chifukwa simutulutsa kachikwama pamaso pa munthu, palibenso zokangana za chenje. Koma ndi mavuto a ndalama zakunja omwe tonse tikuwadziwa, khadi lakumudzi limatha kukanidwa nthawi yomwe mukulifunitsitsa. Pitani kubanki yanu musananyamuke mukafunse ngati lidzagwira ntchito kunja, ndi malire ake. Ngakhale atakutsimikizirani, khalani ndi ma randi apadera.

Olipira m'manja, phwanyani ndalama zanu msanga. Kosinthitsa ndalama amakonda kupereka ma R200 ndi ma R100, ndipo dalaivala amene wangoyamba ntchito m'mawa sakhala ndi chenje, kapena amati alibe. Gulani madzi kapena buledi penapake kuti mukhale ndi ma R10, ma R20 ndi ma R50, muwaike m'thumba lapadera, kutali ndi mpukutu wa oda. Dziwaninso kuti madalaivala amasiyana maganizo pa nkhaniyi. Ena amakonda za m'manja chifukwa amathira nazo mafuta pompopompo. Ena amaziopa usiku, chifukwa achifwamba ofuna kulanda galimoto amaitanitsa ndi akaunti yatsopano yolipira m'manja. Ndiye akaunti yanu ikakhala yatsopano, musadabwe awiri atatu akakukanani, kapena app ikakupemphani kuti mudzijambule nkhope.

Chachinayi: poimirira

Apa ndi pomwe alendo ambiri amalakwitsa, chifukwa mapu saonetsa udani. Pakati pa madalaivala oitanidwa pafoni ndi a matakisi akale pali mkangano wa zaka zambiri wolimbirana okwera, ndipo si wa pakamwa pokha. Mu 2017 magalimoto anatenthedwa pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Gautrain ku Sandton. Mu June 2023 enanso anatenthedwa pa Maponya Mall ku Soweto. Anthu afapo pa nkhani imeneyi. Choncho dalaivala akaona kuti mwaima pa renki ya maminibasi, monga ya Bree kapena ya Noord, kapena pakhomo penipeni pa siteshoni, akhoza kukansela osanena kanthu, kapena kukuimbirani kuti musunthe. Si mwano. Akuteteza galimoto yomwe mwina si yake, ndi moyo wake.

Chochita n'chakuti muchokepo pang'ono. Pezani malo owala, okhala ndi mlonda, omwe galimoto ingaime bwinobwino: pomwetsera mafuta, pakhomo pa hotela, pa malo odyera odziwika. Itanitsani muli mkati, ndipo mutuluke galimoto ikatsala pang'ono kufika. Kuima m'mbali mwa msewu pakati pa tauni, foni ili m'manja, maso ali pa sikirini, zikwama zili kumapazi, kuli ngati kuyanika ufa pomwe nkhuku zikudya.

Ngati basi yafika pakati pa usiku ndipo katundu ndi wambiri moti simungasunthe naye, khalani mkati mwa siteshoni pomwe pali anthu ndi alonda mpaka kuche, kapena m'bale wanu abwere adzakutengeni. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndagonerapo chikwama kangapo, ndipo palibe chomwe ndinataya kupatula tulo.

Pa bwalo la ndege zinthu zinakonzedwa: pali malo oikika otengera anthu oitanitsa pafoni, ndipo app imakulondolerani komweko. Tsatirani zomwe yalemba ndi zikwangwani, osati munthu wokuuzani kuti "bwerani ndikuonetseni". Ngati muli nokha, chikwama n'chimodzi ndipo mukupita ku Sandton, palinso sitima ya Gautrain, yomwe inayamba mu 2010 ndipo imatenga mphindi pafupifupi 15. Siyotsika mtengo, choncho mukakhala awiri kapena atatu yerekezani kaye ndi mtengo wa pa app.

Kenako yang'anani kadontho kosonyeza pomwe muli. Pakati pa nyumba zitalizitali mapu amasokonezeka, kadontho n'kukuikani kuseri kwa nyumba kapena tsidya lina la msewu, ndipo misewu yambiri ya pakati pa Johannesburg ndi yolowera mbali imodzi. Kusiyana kwa mamita 50 kungamuzungulitse dalaivala mphindi 10. Kokani kadonthoko ndi chala mukaike pomwe mwaimadi, kenako mulembereni uthenga waufupi m'app momwemo: dzina la shopu yomwe mwaima pakhomo pake ndi mtundu wa chovala chanu.

Chachisanu: kopita, ndi galimoto yoyenera katundu wanu

Lembani adiresi yonse, dera lomwe. Main Road, Church Street ndi 5th Avenue zilipo m'madera ambirimbiri, ndipo app imaika pamwamba yomwe yaganiza yokha. Mukasankha, yang'anani mzere wa pa mapu ndi nthawi yomwe yalembedwa. Ngati achimwene anati kuchokera m'tauni kufika kwawo ku Mayfair ndi pafupi, koma foni ikuti ola lathunthu, mwasankha msewu wa kwina.

Mayina a misewu nawo anasintha, pakamwa pa anthu sanasinthe. Bree Street pa mapu ndi Lilian Ngoyi, Jeppe Street ndi Rahima Moosa, Noord Street ndi Sophie de Bruyn. Amalume anu amene anapita kalekale adzakuuzani dzina lakale, inu n'kumalisaka osalipeza. Malo odziwika monga Oriental Plaza kapena Dragon City ingolembani dzina lake, koma mufunse geti lomwe mukufuna, chifukwa amakhala ndi makomo angapo.

Tsopano mtundu wa galimoto. Wotchipa kwambiri, monga Uber Go, amakhala timagalimoto ting'onoting'ono ta buti yongokwana chikwama chimodzi. Bolt ilinso ndi tina tachikasu ta Bajaj Qute m'madera ena, tabwino pa kaulendo kafupi munthu ali chimanjamanja. Ife a geni timalakwa apa: tili ndi zikwama zamizeremizere zinayi zodzaza mabulangete, koma tikuitanitsa kotchipa. Dalaivala akafika amangopukusa mutu n'kubwerera, chindapusa n'kugwera ife. Katundu akachuluka sankhani yaikulu, monga UberXL, ndipo mulembereni dalaivala kuchuluka kwa zikwama asanafike. Amayi amene mungamasuke kutengedwa ndi mayi mnzanu, Bolt ili ndi gawo la madalaivala aakazi otenga akazi okhaokha, kungoti magalimoto ake ndi ochepa ndipo mumadikira.

Chachisanu ndi chimodzi: mtengo

Mtengo umaoneka musanatsimikize. Siukhazikika. Oitanitsa akachuluka kuposa magalimoto umakwera wokha: m'mawa popita kuntchito, madzulo poweruka, Lachisanu la kumapeto kwa mwezi, ndiponso mvula ya mabingu ya masana ija ikayamba m'miyezi yotentha. Mukaona wakwera modabwitsa, tsegulani app inayo. Ukakhala wokwera konsekonse, khalani pansi mumwe tiyi. Kawirikawiri pakapita mphindi 15 kapena 20 umatsika.

Pa inDrive mtengo mumatchula ndinu. Madalaivala apafupi amavomera kapena kutchula wawo, inu n'kusankha. Kwa ife ozolowera kunenerera pa msika wa Limbe, zimenezi zimakoma. Koma mukatsitsa kwambiri palibe amabwera, ndipo amene wavomera mtengo wopanda nzeru nthawi zambiri amakhala ndi maganizo okaukweza m'njira. Yambirani pa mtengo womwe app yakuonetsani.

Mukatsimikiza, khalani okonzeka. Dalaivala akafika amadikira mphindi zochepa zaulere, kenako mita imayamba kuwerenga. Nthawi yotsanzikana ndi alamu ndi musanaitanitse.

Chachisanu ndi chiwiri: galimoto yafika, koma ndi yanu?

Nambala ya galimoto poyamba, zina pambuyo. Werengani zilembo ndi manambala onse, osati atatu oyambirira okha. Ambiri a m'chigawo cha Gauteng amathera ndi GP, choncho zilembo ziwirizo sizikuuzani kanthu. Ma Toyota oyera mumzindawu ndi osawerengeka. Kuyambira mu 2025 malamulo a dzikolo akufuna kuti magalimotowa akhale ndi chizindikiro cha kampani, koma chomata aliyense angathe kumata. Chomwe chili pafoni yanu ndi nambala.

Kenako nkhope. Pali chizolowezi chobwereketsana maakaunti: wolembetsa ndi wina, woyendetsa ndi wina. Mukaona munthu wosiyana ndi wa pachithunzi, kapena akakuuzani kuti galimoto yolembedwayo ili kugalaja ndiye wabwera ndi ya mchimwene wake, musakwere. Bwererani mkati, kanselani, ndipo pa zifukwa zomwe app ikufunseni musankhe choti dalaivala kapena galimoto sizikugwirizana. Musachite manyazi. Ife tinaleredwa kuti kukana munthu wamkulu pamaso ndi mwano, ndipo ulemu umenewo ndi womwe oipa amadalira.

Musayambe ndinu kutchula dzina lanu. Imani pa zenera, mufunseni kuti wabwera kudzatenga ndani, atchule yekha. Pa Uber mukhoza kutsegula njira ya PIN m'gawo la chitetezo: app imakupatsani manambala 4, ndipo ulendo suyamba mpaka dalaivala atawalowetsa. Mumupatse mutatsimikiza zonse, osati pafoni asanafike.

Ndiye pali pempho lina lomwe mudzalimva ndithu, ndipo ndikufuna ndilikambe bwino chifukwa linandigwetsa. Tsiku lina nditamaliza kuoda, zikwama zitatu, kumwamba kwada bii, ndinaitanitsa galimoto. Anafika mnyamata waulemu wake, nambala yolondola, nkhope yomweyo. Anandithandiza kukweza katundu. Nditakhala pansi anatembenuka n'kunena motsitsa mawu kuti kampani imawadula ndalama zambiri, ndiye ndikansele pafoni, iye andichotsera R20 pa mtengo, tonse tipindule. Ndinaganiza za R20, ndinamumveranso chisoni. Ndinadina.

Tili pakati pa msewu waukulu, mvula ikukhuthuka, magalimoto atangoti ndii osasuntha, nkhani inasintha. Akuti katundu ndi wolemera, akuti mafuta akutha poima, akuti mtengo uja unali wa msewu wopanda anthu. Anatchula pafupifupi kuwirikiza kawiri. Nditayamba kudandaula anangoyatsa indiketa n'kuyamba kukhotera kumbali, kundifunsa ngati ndikufuna kutsika pomwepo. Ndinayang'ana mvula, ndinayang'ana zikwama, ndinavomera. Pofika, m'kupsa mtima ndi kuthamangitsana ndi mvula, kajumbo ka nsapato za ana kanatsala pansi pa mpando. Usiku ndinatsegula app kuti ndidandaule. Munalembedwa kuti ulendo ndinaukansela ndekha, ndipo chindapusa chake chinkandidikira pa ulendo wotsatira. Kwa akampani, ine ndi mnyamata uja sitinayendepo limodzi.

Dandaulo la madalaivala ndi loona, ndisaname. Kampani imatengapo gawo pa ulendo uliwonse, mafuta ndi okwera, ndipo ambiri galimoto ndi yobwereka, amapereka ndalama kwa mwini wake sabata iliyonse kaya apeza kaya sanapeze. Mu March 2022 ananyanyala ntchito masiku atatu chifukwa cha zomwezi. Ngati mwamumvera chisoni, muonjezereni kenakake pamapeto, m'manja. Koma ulendo ukhale wotsegula pafoni kuyambira pokwera mpaka potsika.

Chachisanu ndi chitatu: muli m'njira

Galimoto ikangonyamuka, onani kuti app yasintha n'kuyamba kuonetsa ulendo. Dinani potumiza ulendowo kwa m'bale wanu pa WhatsApp. Iye aziona galimoto ikuyenda pa mapu, nambala yake ndi nthawi yofikira. Ine ndimamuimbiranso n'kunena mokweza kuti ndakwera, ndipo ndimatchula nambala ya galimoto dalaivala akumva. Woona mtima sakhumudwa nazo.

Malo abwino ndi kumbuyo, ndipo musanatseke chitseko yesani ngati chikutseguka m'kati. Mangani lamba. Komabe m'madera a mkangano uja dalaivala akhoza kukupemphani kukhala kutsogolo kuti muoneke ngati m'bale wake. Masana, zonse zitagwirizana, ine ndimavomera. Usiku ndili ndekha ndimakana, ndipo ngati sakufuna ndimaitanitsa wina.

Chikwama cha m'manja chikhale pansi pa miyendo, osati pa mpando kapena pa ntchafu. Pa maloboti tsekani zenera ndipo foni itsike. Akuba a kumeneko amaswa galasi n'kutsomphola chinthu nthawi yomwe mukuphethira. Mapu aziyang'aniridwa mwa apo ndi apo. Dalaivala kupatuka pothawa mzere wa magalimoto si zachilendo, makamaka magetsi akazima maloboti n'kufa, koma woganiza bwino amanena. Akapatuka osanena, funsani modekha. Asakwezenso munthu wina m'njira, kaya akuti ndi mnzake.

Mu app muli kachizindikiro ka chishango. Pamenepo ndi pomwe pali batani loitanira thandizo, ndiponso pojambulira mawu a m'galimoto ngati zinthu zayamba kukukayikitsani. Kapezeni lero, muli pa mpando kunyumba, osati tsiku la mavuto manja akunjenjemera. Apolisi ndi 10111, ndipo 112 imagwira pa foni ya m'manja iliyonse.

Kucheza n'kwabwino, ndipo madalaivala ambiri ndi alendo anzathu. Wina atandimva ndikulankhula pafoni anangoseka n'kufunsa, "Mayi, kumudzi ndi kuti?" Anali wa ku Mangochi, ndipo tinakamba za usipa njira yonse. Koma ngakhale kwa wakumudzi, za ndalama zomwe mwatenga, tsiku lomwe mukukaoda, kapena zoti mukugona nokha, zisungeni.

Chachisanu ndi chinayi: potsika

Muuzeni aime pa geti penipeni, ndipo ngati kwada mupempheni adikire mpaka akutsegulireni. Ambiri amavomera. Onani mtengo womaliza pa foni yanu, osati pa yake yokha, ndipo muonetsetse kuti watseka ulendo musanasiyane. Ngati munasankha khadi, musapereke ndalama m'manja, ngakhale atanena kuti sizinadutse; zimenezo ndi za iye ndi kampani. Mukatsitsa katundu, chitseko chimodzi chisiyeni chotsegula mpaka buti yatha, kenako suzumirani pa mpando ndi pansi pake. Foni zambiri zimatayika potuluka m'thumba la kumbuyo.

Mukaiwala chinthu, lowani pa mndandanda wa maulendo anu, sankhani ulendowo, pali polumikizirana ndi dalaivala. Akakubweretserani mulipireni mafuta ake. Mtengo ukasiyana kwambiri ndi womwe munavomera, dandaulani pomwepo. Nthawi zambiri amaunika njira yomwe munadzera ndipo akapeza cholakwika amabweza. App ikakufunsani mmene dalaivala wakuyendetserani, perekani nyenyezi zake moona. Nayenso amakupatsani zake, ndipo wokwera wa nyenyezi zochepa amavutika kupeza galimoto.

Zonsezi zimagwiranso ntchito kwina, mayina okha ndi omwe amasintha. Ku Lusaka ambiri amaitanitsa pa Yango, ku Harare pa inDrive, ku Nairobi kuli Uber, Bolt ndi Little. Musananyamuke funsani wa kumeneko kuti anthu akugwiritsa ntchito iti chaka chino.

Tsiku lobwerera

Katundu wachuluka kuposa pobwera, mukudziwa kale. Itanitsani galimoto yaikulu, ndipo nyamukani kukadali nthawi yambiri, chifukwa mwina woyamba akansela akaona komwe mukupita, wachiwiri n'kukutulani patali pang'ono ndi khomo la siteshoni pa zifukwa zomwe takamba zija. Konzekerani ndalama ya wa ngolo wonyamula katundu, mugwirizane mtengo asanakweze chikwama choyamba.

Simu khadi ya kumeneko ikakhala miyezi ingapo osagwira ntchito amaitseka, nambalayo n'kupatsa munthu wina. Ngati simubwereranso msanga, chotsani khadi la kubanki m'app ndipo musinthe nambala ya pa akaunti ikhale yakumudzi. Chitani zimenezi basi isanafike pa Beitbridge, simu ya kumeneko ikadalandira mauthenga.